Kodi Mavitamini Angapeputse Matenda a M'chifuwa?

Awerengi ambiri a tsamba lino sadaiwale mwezi wa Januwale m'chaka cha 2021, pamene madzi adatifika m'khosi ndi mliri wa COVID-19. Nduna ziwiri za Boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale, ndipo mantha adagwira aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe. Mandimu, amene kale tinkawasiya akuwolera pansi pa mtengo, adayamba kugulitsidwa kamulukamulu pa mtengo wodabwitsa. Jinja ndi adyo zidasowa m'misika. Madzulo m'makomo ambiri munkamveka fungo la masamba a bulugamu, anthu atadzifunditsa bulangeti pamwamba pa mphika wa madzi otentha.

M'masiku omwewo mphunzitsi mnzathu wina, bambo wachikulire amene tonse tinkamulemekeza, adalowa m'chipinda cha aphunzitsi atanyamula kabotolo ka mibulu ya mavitamini. Adali atagula kabotoloko ndi ndalama zokwanira ndiwo za banja lake kwa mlungu wathunthu. Adakaika patebulo panga, popeza ine ndine wophunzitsa Bayoloji, ndipo adati, "Aphunzitsi, inu mudafika ku yunivesite. Tatiuzani zoona: kodi ndikamamwa timeneti, matendawa akandipeza sangandigwetse?" Ndiyenera kuvomera kuti tsiku limenelo ndidayankha mozungulira, chifukwa ngakhale akatswiri enieniwo adali asanamalize kufufuza. Lero yankho liripo, ndipo ndi loyenera kulifotokoza poyera, pakuti chimfine, fuluwenza, chikuku ndi chibayo sizidachoke pakati pathu, ndiponso ogulitsa mibulu sadaleke malonda awo.

Maganizo athu pa tsamba lino ndi awa. Ndi zoona kuti thupi losowa mavitamini ena limagonja msanga pamene kachirombo kalowa m'chifuwa, ndipo pa nthenda imodzi, ya chikuku, umboni wake ndi wolimba kotero kuti kuukana ndi kuika moyo wa mwana pachiswe. Koma si zoona kuti munthu amene thupi lake lakwanira kale angathe kudzigulira chitetezo chowonjezera pomeza mibulu. Mfundo ziwirizi zimaoneka ngati zofanana, ndipo amalonda amakonda kuzisakaniza dala. Tiyeni tizilekanitse.

Dzina lakuti vitamini lidachokera kwa katswiri wa ku Poland, Casimir Funk, m'chaka cha 1912. Mavitamini ndi tinthu timene thupi limafuna pang'ono chabe, koma tikasowa ntchito zina za m'thupi zimaima. Tiyambe ndi vitamini A. Ambiri adaphunzira kusukulu kuti iyeyu ndi wothandiza maso, ndipo kuti mwana womusowa amayamba kupunthwa kukangoyamba mdima. Chimene sichinenedwa kawirikawiri ndi ntchito yake m'njira ya mpweya. Kuyambira m'mphuno mpaka m'mapapo, njirayi idakutidwa ndi kakhungu konyowa, kokhala ndi tiubweya tosaoneka ndi maso timene timasesa fumbi ndi tizirombo, kuzibwezera kukhosi kuti munthu azitsokomole kapena kuzimeza. Vitamini A akasowa, kakhungu kameneka kamauma ndi kukhakhala, tiubweya tija timatha, ndipo njira imatseguka. Mudzi umene mpanda wake wadyedwa ndi chiswe sulimba pamene fisi wafika.

Anthu ambiri amayesa chikuku nthenda ya pakhungu chifukwa cha totupa timene timabuka thupi lonse. Koma kachirombo kake kamayenda mu mpweya, kamalowera m'mphuno ndi m'kamwa, ndipo mwana akamwalira nacho, kawirikawiri chomupha ndi chibayo. Dziko lino lidakumbutsidwa zimenezi m'chaka cha 2010, pamene anthu oposa 130,000 adadwala chikuku ndipo oposa 300 adamwalira. Ine ndidali wophunzira nthawi imeneyo, ndipo ndikukumbukira mwana wa msuweni wanga atagonekedwa m'nyumba ya mdima, maso ali psuu, akupuma mobanika, akuluakulu akukangana panja ngati n'koyenera kupita naye kuchipatala totupa tisanatuluke tonse. Mwayi wake adapita naye, ndipo lero ndi mnyamata wamphamvu. Kuchipatalako adamufinyira m'kamwa timadontho ta mafuta tochokera mu kapisozi wofiira, ndipo m'mawa mwake adamufinyiranso wina. Palibe wa ife amene adafunsa chifukwa chake.

Mbiri ya kapisozi ameneyu ndi yaitali, ndipo ikuphunzitsa m'mene chinthu choona chimadziwikira. M'chaka cha 1928, akatswiri awiri a ku Britain, Edward Mellanby ndi Harry Green, ataona kuti makoswe omanidwa vitamini A ankafa ndi matenda osiyanasiyana, adamutcha vitamini wolimbana ndi matenda opatsirana. Patapita zaka zinayi, mu 1932, dokotala wina wa mu London, Joseph Ellison, adayesa nkhaniyi pa ana 600 ogonekedwa m'chipatala ndi chikuku. Adawagawa magulu awiri a ana 300. Gulu loyamba adalipatsa mavitamini A ndi D otengedwa ku mafuta a chiwindi cha nsomba ya m'nyanja za mchere yotchedwa cod. Gulu linalo lidalandira chisamaliro cha masiku onse. M'gulu loyamba mudamwalira ana 11, m'gulu lachiwiri ana 26.

Munthu angayembekeze kuti dziko lonse lidadzuka ndi nkhani yotere. Ayi ndithu. Posakhalitsa kudatulukira mankhwala amphamvu opha mabakiteriya, pambuyo pake penisilini, ndipo mu 1963 kudabwera katemera wa chikuku. Ana a ku Ulaya adayambanso kudya bwino. Ntchito ya Ellison idaiwalika kwa zaka pafupifupi 50, pamene ana a ku Africa ndi ku Asia ankapitirira kufa. Amene adaidzutsa adali dokotala wa maso wa ku America, Alfred Sommer, yemwe adapita ku Indonesia kukafufuza za khungu la ana. Powerenga mabuku ake a kafukufuku adazindikira chinthu chimene sadapitire: ana amene adali ndi zizindikiro zochepa chabe za kusowa vitamini A m'maso ankamwalira kwambiri kuposa anzawo. Adalengeza zimenezi mu 1983, ndipo ambiri adamukayikira, nati ana amenewo ndi a m'mabanja osauka, akufa ndi umphawi osati ndi kusowa vitamini. Kukayika kumeneku kudali koyenera, ndipo Sommer adakuyankha m'njira yoyenera. M'chigawo cha Aceh, midzi 450 idagawidwa pawiri, ana a m'midzi ina akulandira kapisozi miyezi isanu ndi umodzi iriyonse, enawo ayi. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa mu 1986, zidasonyeza kuti imfa zidachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu m'midzi yolandira.

Umboni wokhudza chikuku chenicheni udachokera kuno kwathu ku Africa. Pa chipatala cha Mvumi, pafupi ndi Dodoma m'dziko la Tanzania, ana 180 odwala chikuku adagawidwa mwa maere. Mwa ana 88 amene adalandira vitamini A mudamwalira 6, ndipo mwa 92 amene sadalandire mudamwalira 12. Izi zidalengezedwa mu 1987, koma anawo adali ochepa kotero kuti wina akadatha kunena kuti zidangochitika mwamwayi. Mu 1990 madokotala awiri a ku Cape Town, Gregory Hussey ndi Max Klein, adatulutsa zotsatira za ana 189 odwala chikuku kwambiri. Ana 12 adamwalira, ndipo 10 mwa iwo adali a gulu limene lidalandira mankhwala opanda kanthu. Ana olandira vitamini A ankachira chibayo m'masiku pafupifupi 6, pamene anzawo ankatenga masiku pafupifupi 12.

Awerengi aone mawu akuti "mwa maere", chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Dokotala akasankha yekha wolandira mankhwala, angathe, ngakhale mosadziwa, kupatsa ana ooneka amphamvu. Makolo akasankha okha, olandira adzakhala a m'mabanja ozindikira ndi opeza bwino. Koma maere alibe chibale. Amagawa osauka ndi olemera, onenepa ndi owonda, mofanana m'magulu onse awiri, kotero kuti kusiyana kumene kwatsala pa mapeto kumakhala kwa mankhwalawo. Ophunzira anga a Fomu 3 amamva msanga ndikawauza kuti ngati ukufuna kudziwa mphamvu ya fetereza, suthira mbali ya dimba ya ku dambo n'kusiya mbali ya ku mchenga.

Chifukwa cha umboni wotere, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana aliyense wopezeka ndi chikuku alandire vitamini A kawiri, tsiku loyamba ndi tsiku lotsatira. Muyeso wake umawerengedwa mu IU: 50,000 kwa khanda losakwana miyezi 6, 100,000 kwa wa miyezi 6 mpaka 11, ndi 200,000 kwa wa chaka chimodzi kapena kuposa. Chikuku chiri ndi khalidwe lakelake: chimagwetsa vitamini A m'magazi ngakhale mwa mwana wodya bwino, ndipo chimawononga kakhungu ka m'njira ya mpweya, ka m'matumbo ndi ka m'maso nthawi imodzi, pamene thupi likufuna vitaminiyu kuti likonze zowonongekazo. Mwana amene nkhokwe yake ya m'chiwindi idali kale yopanda kanthu ndiye amagwa koyamba.

Tsono apa ndi pamene ambiri amatsetsereka. Amati ngati vitamini A amapulumutsa mwana wa chikuku, ndiye kuti angapulumutse wa chifuwa chirichonse. Akatswiri adayesa zimenezonso, pa ana odwala chibayo chosachokera ku chikuku ndi pa makanda ogwidwa ndi kachirombo kotchedwa RSV, ndipo phindu silidaoneke. M'kafukufuku wina ana olandira vitaminiyu adachedwerapo kuchira. Enanso amati popeza vitamini A alipo, katemera ndi wosafunika. Uku ndi kulakwa koopsa koposa. Vitamini A saletsa kachirombo kulowa m'thupi, saletsanso mwana kupatsira anzake. Amangochepetsa ukali wa nthenda imene yagwira kale. M'chaka cha 2025 chikuku chidabuka ku Texas, m'dziko la America, makamaka pakati pa mabanja osabayitsa ana. Anthu oposa 700 adadwala, ana awiri osabayidwa adamwalira, ndipo madokotala adanena kuti ana ena adafika kuchipatala ali ndi zizindikiro za kuvulala kwa chiwindi chifukwa chomwetsedwa vitamini A wambiri kunyumba. Vitaminiyu satuluka ndi mkodzo, amaunjikana m'chiwindi. Kwa mayi woyembekezera, muyeso waukulu ungathe kupundula mwana ali m'mimba.

Chenjezo limeneli likutikhudza ife kuposa m'mene ambiri akuganizira, chifukwa Malawi wa lero si wa zaka 25 zapitazo. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2001 adapeza kuti ana aang'ono 59 mwa 100 alionse adali osowa vitamini A. Mu 2009 chiwerengerocho chidatsika kufika pa 22, ndipo m'kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 chidali pafupifupi 4. Izi sizidagwe kumwamba. Alangizi a zaumoyo akhala akupereka makapisozi kwa ana a miyezi 6 mpaka zaka zisanu. Shuga wa m'dziko muno adayamba kuthiridwa vitamini A mu 2012, monga adayambira anzathu a ku Zambia mu 1998. Mafuta ophikira amathiridwanso. Ndipo alimi adalandira mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere. Ndi ntchito yotamandika imene sitiiyamikira mokwanira. Koma tanthauzo lake lina ndi lakuti mwana wa m'tauni, womwa tiyi wa shuga tsiku ndi tsiku, wodya ndiwo zokazinga ndiponso wopita kusikelo, safunikira botolo lina la kusitolo. Ofufuza ena adayamba kale kufunsa ngati ana ena sakulandira wopyola muyeso. Wosowa weniweni ndi mwana wa kumudzi wakutali m'miyezi ya njala, amene kwawo shuga ndi mafuta ndi za pa Khrisimasi, ndipo ameneyo sadzafika pa shelefu ya mibulu.

Titembenukire kwa vitamini D, amene dzina lake lidamveka kwambiri m'nthawi ya COVID-19. Uyu ndi wosiyana ndi anzake, chifukwa gawo lalikulu thupi limadzipangira lokha khungu likaombedwa ndi dzuwa. Wochepa amachokera ku nsomba zamafuta ndi ku mazira. Ntchito yake yodziwika ndi kulimbitsa mafupa, koma amathandizanso maselo a chitetezo cha m'thupi. Ku maiko ozizira fuluwenza imabuka m'nyengo ya chisanu, pamene dzuwa lafooka ndipo vitamini D watsika m'magazi a anthu, ndipo akatswiri ena akhala akuganiza kuti ziwirizi ndi zolumikizana. Mliri utafika, zipatala zambiri zidayeza magazi a odwala, ndipo mobwerezabwereza zidapeza chinthu chimodzi: odwalitsa ndi omwalira adali ndi vitamini D wochepa kuposa odwala pang'ono. Kenaka mu 2020 madokotala a ku Córdoba, m'dziko la Spain, adapatsa odwala 50 mtundu wina wa vitaminiyu, ndipo mmodzi yekha ndiye adalowa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, pamene mwa odwala 26 osalandira mudalowa 13. Uthenga udafalikira pa mafoni dziko lonse lapansi, ndipo udafika mpaka patebulo langa m'kabotolo ka bambo uja.

Koma tambala amalira m'bandakucha, ndipo dzuwa limatuluka, komabe si tambala amene amalitulutsa. Zinthu ziwiri zingathe kuyendera limodzi popanda chimodzi kubala chinzake. Taganizani: ndani amene amakhala ndi vitamini D wochepa? Ndi nkhalamba imene khungu lake silipanganso bwino ndipo imakhala m'nyumba. Ndi munthu wonenepa kwambiri, amene mafuta a m'thupi mwake amasunga vitaminiyu osamulola kuyenda m'magazi. Ndi wodwala shuga, impso kapena mtima, amene sayendayenda panja. Nanga ndani amene COVID-19 inkawagwetsa koposa? Ndi anthu omwewa. Kuchepa kwa vitamini kungakhale chizindikiro chabe cha thupi lofooka kale, monga utsi usonyeza moto koma suli moto. Palinso chinthu china chimene sichidziwika ndi ambiri. Thupi likamalimbana ndi nthenda yaikulu, muyeso wa mavitamini ena m'magazi umatsika chifukwa cha nthendayo. Madokotala adaona vitamini D akutsika ngakhale mwa anthu ongochitidwa opaleshoni. Choncho ukayeza munthu amene ali kale pa bedi, sungadziwe ngati kusowako kudamugwetsa kapena kugwako ndiko kudamusowetsa.

Njira yothetsera mkangano idali yomweyo ya Sommer, ya maere, ndipo idatsatidwa. Ku São Paulo, m'dziko la Brazil, odwala 240 ogonekedwa ndi COVID-19 adagawidwa pawiri, ena kulandira vitamini D wokwana 200,000 IU nthawi imodzi, ena mankhwala opanda kanthu. Zotsatira za mu 2021 zidasonyeza kuti magulu onse awiri adakhala m'chipatala masiku ofanana. Ku Britain anthu 6,200 adalowa m'kafukufuku woyeza magazi ndi kupereka vitamini D kwa operewera, ndipo mu 2022 kudapezeka kuti matenda a m'chifuwa, kuphatikizapo COVID-19, sadachepe. Ku Norway anthu oposa 34,000 adamwa kasupuni ka mafuta tsiku ndi tsiku m'nyengo ya chisanu, ena a chiwindi cha cod, ena a chimanga, osadziwa amene akumwa. Mafuta omwewo amene adapulumutsa ana a Ellison zaka 90 m'mbuyomo sadasinthe kanthu pa akuluakulu odya bwino a ku Norway. Kafukufuku wa ku Córdoba uja adali wa anthu 76 okha, ndipo madokotala ankadziwa amene walandira ndi amene sadalandire.

Tisapyole malire potsutsa. Mu 2017 gulu lotsogozedwa ndi Adrian Martineau wa ku London lidasonkhanitsa kafukufuku 25 wa maere, wokhudza anthu pafupifupi 11,000, ndipo lidapeza kuti vitamini D amachepetsako pang'ono matenda a m'njira ya mpweya. Phindu lalikulu lidali mwa anthu operewera kwambiri, omwa muyeso waung'ono tsiku ndi tsiku kapena mlungu ndi mlungu, osati chimuyeso chachikulu kamodzi. Pamene kafukufuku wina wamkulu adawonjezedwa m'zaka zotsatira, phindu la anthu onse pamodzi lidanka lichepa mpaka kukhala lokayikitsa. Chithunzi chake ndi chofanana ndi cha vitamini A: mtsuko wopanda madzi umalandira, wodzaza umangotayikira.

Wina anganene kuti kuno kuli dzuwa, nkhani imeneyi ndi ya azungu. Si choncho kwenikweni. Ofufuza amene adasonkhanitsa zopezeka m'maiko a mu Africa mu 2020 adaona kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse adali ndi vitamini D wochepa, makamaka okhala m'mizinda, amayi ndi makanda. Kalaliki wolowa mu ofesi m'mawa n'kutuluka dzuwa litapendeka, ndi agogo amene tawatsekera m'chipinda poti ndi odwala, angathe kuperewera pakati pa dziko la dzuwa. Mankhwala awo ndi aulere: mpando ndi khonde. Abale athu okhala ku Britain ndiwo ali ndi chifukwa chomveka chogulira mibulu, pakuti kumeneko dzuwa la pakati pa Okutobala ndi Malichi silikwanira, khungu lakuda limafuna dzuwa lochulukirapo, ndipo a zaumoyo a dzikolo amalangiza anthu otere kumwa mamaikulogalamu 10 tsiku lirilonse. Langizolo ndi loteteza mafupa ndi minofu, ndipo muyesowo ndi waung'ono. Wopyola kwambiri amakweza kashiamu m'magazi ndi kuvulaza impso.

Za vitamini C, mwini wa mandimu aja, sitichedwapo. Kutchuka kwake kudachokera kwa Linus Pauling, katswiri amene adalandira mphotho ya Nobel kawiri, mu 1954 ndi mu 1962, ndipo mu 1970 adalemba buku lolimbikitsa anthu kumwa vitaminiyu wochuluka pofuna kupewa chimfine. Dzina lake lidali lalikulu, koma ngakhale mfumu ikaloza molakwika njira siisuntha. Kafukufuku wa anthu oposa 11,000, wosonkhanitsidwa mu 2013, adasonyeza kuti kumwa vitamini C tsiku ndi tsiku sikuchepetsa kudwala chimfine pakati pa anthu wamba. Kumafupikitsa nthendayo pang'ono, ndi magawo 8 pa 100 mwa akuluakulu ndi 14 pa 100 mwa ana, ndiye kuti chimfine cha mlungu umodzi chimafupika ndi theka la tsiku kapena tsiku limodzi. Kuyamba kumwa chimfine chitagwira kale sikudaonetse phindu lodalirika. Ku Cleveland, mu 2021, odwala COVID-19 okwana 214 adayesedwa ndi vitamini C ndi zinki, ndipo sadachire msanga kuposa anzawo. Madzi otentha a mandimu amafewetsa kukhosi ndipo amamwetsa wodwala madzi. Pa zimenezo tilibe nawo mlandu. Gwafa mmodzi wakupsa ali ndi vitamini C wokwanira munthu tsiku lonse, ndipo malambe ndi masawu tiri nawo.

Chimene chikutidetsa nkhawa si ndalama zokha, ngakhale kuti m'nyumba zambiri ndalama ya botolo ndiyo ya usipa, mazira ndi nsinjiro. Choopsa ndi kuchedwa. Munthu amene wakhulupirira mibulu amagona kunyumba tsiku lachitatu ndi lachinayi akupuma movutika, akudikira kuti igwire ntchito, ndipo amafika kuchipatala mpweya utatha kale m'magazi. Tikupempha a Unduna wa Zaumoyo ndi oyang'anira malonda a mankhwala kuti ayang'anitsitse zolembedwa pa mabotolo ndi zolengezedwa pa wailesi, chifukwa mawu akuti "amakweza chitetezo" akugulitsa katundu wambiri popanda wofunsa umboni. Tikupemphanso aphunzitsi anzathu kuti pophunzitsa za zakudya asalekere pa kuloweza mayina a mavitamini. Mwana amene wamvetsa chifukwa chake ofufuza amachita maere sadzanyengedwa msanga ndi uthenga wa pa foni, ndipo adzafotokozera makolo ake.

Kwa makolo, zochita ziri pafupi. Nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa ndi chigwada ziri ndi zimene thupi limasandutsa vitamini A, koma zimafuna kamafuta kuti zilowe bwino m'thupi, ndipo apa ndiwo zotendera za amayi athu zidatsogola sayansi isanafike. Maungu, mapapaya, mango ndi mbatata yofiira zisamaonedwe ngati zakudya za ana ongosewera nazo. Khadi la kusikelo lionedwe ngati katemera wa chikuku adalembedwa kawiri, wa pa miyezi 9 ndi wa pa miyezi 15, popeza ambiri amalekera pa woyamba. Mwana wotentha thupi, wofiira maso ndi wotsokomola asatsekeredwe m'nyumba kudikira totupa; ndipo wopuma mofulumira, wolowa nthiti popuma, kapena wokana kuyamwa, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Akapezeka ndi chikuku ndipo wapatsidwa kapisozi woyamba, mayi asachoke asanafunse kumene wachiwiri adzalandirire m'mawa mwake.